Masokosi Anangofundula

Silverest,
Seputembala

Ba Clotilda, mlongo wanga,

Ndiyamba ndi moni chifukwa amayi anatilera kuti munthu sayamba nkhani asanafunse za moyo. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Bundabunda? Miyendo ya amayi ikuwalola kufika ku tchalitchi, kapena akupempherabe pakhonde? Nanga inuyo, mutu uja umakuvutani nyengo yotentha wayamba kale? Ine kuno thupi lili bwino ndipo ntchito ikuyenda. Mtima wokha ndiwo suli m'malo, ndipo amene anauchotsa mukumudziwa.

Ndalemba kalata ngati munthu wakale chifukwa foni yanga simuyankha. Amene anakuonani akuti ikalira mumangoiyang'ana n'kuibweza m'chitenge. Pepala lilibe pozimitsira, choncho ndasankha pepala. Ndalipereka kwa ba Humphrey a minibasi, ndipo ndawapempha kuti akupatseni m'manja, asalisiye pa shopu.

Za kuno n'zochepa. Fumbi lachuluka, moti ukachapa malaya m'mawa madzulo amakhala ofiira. Nyumba zatsopano zikumangidwabe mbali zonse, ndipo nyumba iliyonse imafuna mawindo, choncho ine wodula magalasi sindikugona ndi njala. Madzi a m'chitsime cha eni nyumba atsika, tikutunga m'mawa mokha. Magetsi amabwera pamene afunira. Sukulu zatsegulidwa, ndipo ana a m'mapuloti oyandikana akudutsa pa geti langa m'mawa uliwonse. Yunifomu ya mwana wanga Lushomo ndinaichapa, ndinaisita, ili pa msomali kuseri kwa chitseko.

Mwini wake palibe, chifukwa alamu anga ba Greenwell akana kumubweza. Akuti mwana wa mlongo wawo sangakhale m'nyumba ya mfiti. Mfitiyo ndine, Fabian, amene munkamubereka kumsana popita kumunda. Umboni wake ndi kanthu kamene inu munatulutsa m'nyumba mwanga mutakakulunga m'pulasitiki ya shuga. Popeza tsiku lija simunafune kufunsa, ndikuuzani tsopano zimene mukanamva. Muwerenge mpaka kumapeto ngakhale zikunyansani.

Titaika mkazi wanga Chipego m'manda mu Januwale, akuchikazi anakhala pansi. Mwana ndi wa kwa amayi ake, mwambo umenewo palibe amautsutsa, ndipo ine sindinautsutse. Ba Greenwell monga malume anagamula okha kuti Lushomo akhale ndi ine chifukwa cha sukulu, azipita kwa iwo pa holide. Munalipo tsiku limenelo, ndipo munaomba nawo m'manja.

Koma mwana amene ndinabwerera naye kuno sanali Lushomo amene mumamudziwa, uja wa pakamwa posatseka. Ankadya ndikamuuza kuti adye, ankasamba ndikamuuza kuti asambe. Ndikafunsa za kusukulu ankangogwedeza mutu. Aphunzitsi anandiitana n'kundiuza kuti mwana sakweza dzanja m'kalasi, ndipo pa nthawi yopuma amakhala yekha pansi pa mtengo. Ndinapita naye kwa ansembe, ndinapita naye ku chipatala. Onse anati ndimupatse nthawi. Nthawi ndinamupatsa, koma nyumba inangokhala zii, anthu awiri kudya moyang'anizana osamva mawu.

Isitala itapita, bambo wina wa kuno, ba Peterson, amene ndinawaikira mawindo chaka chatha, anandipempha kuti ndiwapangire timabokosi ta galasi tokhala ndi zivindikiro zobowola. Ndinaganiza kuti ndi ta nsomba. Tsiku lokapereka linali Loweruka, ndipo ndinatenga Lushomo poti ndinalibe womusiyira. Tinakapeza kuti munthuyo amaweta akangaude, aakulu aubweya aja, amene iwo amawatchula kuti matalantula. Si achilendo kwenikweni. Abale awo ali m'mauna m'munda wa atate, aja tinkawatokosa ndi kaudzu tili ana, inu n'kumathawa kukatinenera kwa amayi.

Ine ndinaima pakhomo. Lushomo analowa. Anagwada pa bokosi limodzi, mphuno pafupi ndi galasi, n'kukhala pamenepo nthawi yaitali. Kenako anafunsa ba Peterson ngati kanyamako kamagona, ndiponso ngati kali ndi amayi ake. Ba Clotilda, amenewo anali mawu oyamba amene mwana wanga analankhula mwa kufuna kwake kuyambira pa maliro. Ba Peterson anamuyankha kuti akangaude amasiyana ndi amayi awo akadali aang'ono kwambiri ndipo amakula bwinobwino. Mwanayo anapitiriza kufunsa mpaka tiyi amene anatipatsa anazizira.

Ataona zimenezo anatipatsa mmodzi, wamkazi, wosakula kwambiri, wa mtundu wofatsa umene amapatsa anthu oyamba kumene. Ndi wakuda, koma m'mawondo ali ndi mizere yofiirira ngati masokosi a timu ya mpira, ndiye Lushomo anamutcha Masokosi. Sindinamukumbe kumanda, sindinamutenge kwa sing'anga. Ndinabwera naye masana dzuwa lili pamutu, m'kontena ya ayisikilimu, anthu akuona. Mwina mudzati bwanji osamupezera chiweto cha anthu. Galu eni nyumba safuna, nkhuku akuti zimawononga dimba lawo, ndipo ndikanabwera ndi mphaka wakuda inu nomwe mukananena zomwezi. Komanso mwana sanalankhule ataona nkhuku, analankhula ataona Masokosi.

Pa zoweta kangaude ndinali mbuli yeniyeni. Bokosi loyamba ndinalipanga lalitali ngati kabati, kufuna kuonetsa luso. Ba Peterson anandiseka, anati chinthu chimenechi chikakwera galasi n'kugwa chimaphulika mimba n'kufa, choncho ndinalidula kuti likhale lalifupi ndi lotambalala. Dothi ndinalinyowetsa ngati ndikufesa repu, iye n'kumakhala pamwamba pa khungwa la mtengo limene ndinamuikiramo osafuna kuponda pansi. Pang'onopang'ono ndinaphunzira kuti amafuna pouma, madzi pang'ono m'kachivindikiro ka botolo, ndi phale loti azibisalamo. Ndinamuikanso pa windo poganiza kuti dzuwa limukomera, kumeneko kunali kufuna kumuwotcha. Tsopano amakhala pa shelefu ya m'chipinda chochezera, pamthunzi, pamene munamupeza.

Tsiku lina ndinalowetsa dzanja mosasamala pofuna kusuntha phale. Iye anakanda mimba yake ndi miyendo yakumbuyo, ubweya n'kuuluka, ndipo mkono unandiyabwa ngati ndakhudza chitedze. Ndiko kulodza kwake konse kumene ndakuona chiyambire. Kuluma sanalumepo munthu, ndipo sitimunyamula m'manja chifukwa iye safuna ndipo ife sitifuna.

Chakudya chake ndi nkhululu, ziwala ndi mphemvu, kamodzi pa sabata. Mphemvu za m'nyumba sitimupatsa, kuopa mankhwala amene anthu amapopera, choncho Lushomo amaweta zake m'chidebe chotseka, n'kumazidyetsa makoko a mbatata. Ntchito yonse inali yake. Ndiye ankasintha madzi, ndiye ankachotsa zotsala ndi kachopanira. Ndikaweruka ankandichingamira pa geti ndi nkhani. Lero Masokosi wakumba, lero waluka ulusi pakhomo pa phale, lero wakhala tsiku lonse osasuntha ngati ba anti Clotilda pa Misa. Inde, ankakutchulani, ndipo ankakutchulani mokukondani.

Kuchokera pa kangaude nkhani zinafika pa zina. Anayamba kundiuza za anzake a m'kalasi, za mphunzitsi amene amagona pa desiki, ndipo tsiku lina tikutsuka mbale anandiuza kuti amasowa fungo la mafuta amene amayi ake ankadzola. Tinalira tonse awiri, manja ali m'sopo. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kumaliza chakudya chake.

Musaganize kuti ndazungulira mutu, ine kangaudeyo sindimukonda. Mpaka lero ndikamatsegula chivindikiro mtima umathamanga. Sadziwa dzina lake, sathokoza, salandira munthu ngati galu. Koma anandibwezera mwana, ndipo pa chifukwa chimenecho ndikanaweta ngakhale ng'ona m'bafa. Zimenezi ndinafuna kukufotokozerani mutabwera, koma simunandipatse mpata.

Mu Julayi Masokosi analeka kudya. Tinada nkhawa n'kuthamangira kwa ba Peterson. Iwo anayang'ana mimba yake, imene inali itada ndi kunyezimira, n'kutiuza kuti watsala pang'ono kufundula. Khungu la kangaude silikula naye. Likamuthina amaluka kamphasa ka ulusi, amagona chagada miyendo m'mwamba ngati wafa, khungu limang'ambika, iye n'kudzisolola pang'onopang'ono. Akatuluka amakhala wofewa kwambiri, mano ali oyera, ndipo sangadziteteze ngakhale kwa nkhululu. Anatichenjeza kuti tikadzamuona ali chagada tisamukhudze, tisamuthire madzi, tisagwedeze bokosi. Lushomo anadikira tsiku limenelo kuposa Khirisimasi. Anali atalonjeza aphunzitsi a sayansi kuti adzawabweretsera khungulo kuti kalasi yonse ione.

Ndiye inu munabwera kudzamutenga wa holide. Ndinakulandirani bwino, nenani ngati ndikunama. Ndinakusiyirani bedi langa, ine n'kumagona pa mpando. Bokosi munaliona tsiku loyamba lomwe, munalavula malovu n'kunena kuti zinthu zotere sizikhala m'nyumba ya mkhristu. Lushomo anakugwirani dzanja kuti akufotokozereni, inu munamuuza kuti atseke pakamwa. Ine nditayamba kunena za kufundula munatseka makutu ndi zala ngati mwana, n'kuyamba nyimbo ya kwaya. Ndinaseka, poganiza kuti ndi mantha anu aja akale.

Zimene zinachitika tsiku lotsekera sukulu ndazimva kwa amayi pa foni, monga mmene inu munawafotokozera, ndipo zina ndinaziona ndi maso nditafika. Ine ndinali kuntchito, Lushomo kusukulu. Mukusesa m'mawa munapeza Masokosi ali chagada. Munati wafa, munathokoza Mulungu, n'kuvundikira bokosi ndi chitenge chanu. Masana mutavundukula munapeza awiri. Wina anali chilili, wonyezimira, mizere yake yowala kuposa kale, wina ali gone pambali pake. Kwa inu chakufa chinali chitauka, ndipo chimodzi chinali chitasanduka ziwiri.

Ndikuvomera kuti munthu wosadziwa angaope. Ine ndemwe ndikanapanda kuuzidwa ndikanatuluka liwiro. Koma foni inali m'manja mwanu, ndipo pamene ndinkaika mawindo tsiku limenelo panali poyenda ndi miyendo. Safunsa anadya phula. Kungoti phula limeneli mwadya ndinu, koma m'mimba mukupweteka ine ndi mwana wanga.

M'malo mofunsa munatenga supuni yanga, munatola khungu lija n'kulikulunga. Munasungunula mchere m'madzi odalitsa amene mumayenda nawo m'kabotolo, munawaza m'bokosi, pa bedi, pa zitseko, ndi pa chithunzi cha Chipego chomwe. Munalongedza zovala za mwana, munakamudikira pa geti la sukulu, n'kumuuza kuti atate ake anena kuti munyamuke pompo. Munamunamiza m'dzina langa. Mwana sanafike n'kunyumba komwe kuti aone chimene anachidikira milungu yonse ija.

Ine ndinafika dzuwa litapendeka n'kupeza chitseko chokhoma, kiyi pansi pa njerwa. Masokosi anali atadzipinda pakona, pa dothi lonyowa la mchere, mwendo umodzi utathothoka pamene supuni yanu inamukhudza. Ndinamusamutsira m'kontena ina, ine amene ndimamuopa, n'kutaya dothi lonse. Wapulumuka. Wayambanso kudya, akuyenda ndi miyendo isanu ndi iwiri, ndipo ba Peterson akuti wotsalawo udzamera akadzafundulanso. Ndikudziwa kuti uthenga umenewu sukukusangalatsani. Masiku ano amene akudyetsa mphemvu makoko a mbatata ndine, bambo wamkulu wandevu.

Poyamba sindinade nkhawa kwambiri. Ndinati mlongo wanga wachita mantha, wathawa, tidzaseka nkhaniyi pa Khirisimasi. Sindinadziwe njira imene munatenga mutatsika minibasi. Nyumba ya amayi ili pafupi ndi msewu, ya ba Greenwell ili kutsidya kwa dambo. Munadutsa amayi anu okubalani n'kukagwada kwa akuchikazi anga. Munamasula pulasitiki pamaso pa apongozi anga, mayi amene misozi sinaume, n'kuwaonetsa chinthu chopepuka ngati mankhusu, chili ndi miyendo yonse ndi mano omwe, koma m'kati mulibe magazi, mulibe mnofu. Wina pamenepo ananena kuti Chipego nayenso anatha chimodzimodzi, kutsala khungu lokha pa mafupa. Inu munamva mawu amenewo n'kukhala chete.

Wina aliyense akanatha kukhala chete, ine osadandaula. Koma inu? Ndani anagona pansi pa bedi la Chipego m'chipatala masabata onse aja? Ndani ankamusambitsa, kumutembenuza, kumumwetsa phala? Dokotala atabwera ndi chithunzi cha m'mimba n'kutionetsa chotupa, ine Chingerezi chinandithawa chifukwa cha misozi, ndipo amene anamasulira apongozi mawu akuti khansa ndinu. Zimene munachitira mkazi wanga sindidzaiwala, ndipo n'chifukwa chake izi zikundiwawa chonchi. Akuchikazi amakukhulupirirani kuposa ine, kuposa ansembe. Mawu anu kumeneko ndi olemera, ndipo kukhala chete kwanu anakumva ngati kuvomera.

Ndiponso werengani miyezi, poti sukulu munapita nayo patali kuposa ine. Chipego tinamuika mu Januwale, Masokosi analowa m'nyumba muno Isitala itapita. Ndinawauza zimenezi ba Greenwell pa foni. Anandiyankha kuti mfiti siionetsa zida zake tsiku limene yazitenga, akuti ndinali nditamubisa kwina. Ndinati chabwino, ndimubweza kwa mwini wake lero lomwe, bokosi ndiliphwanye ndi hamala. Anati ndikatero ndiye kuti ndikubisa umboni. Ndinati bwerani mudzaone nokha, mudzalankhule ndi ba Peterson. Anati Peterson ameneyo ndiye mphunzitsi wanga. Ndikamusunga ndine mfiti, ndikamutaya ndine mfiti, ndipo apa ndasowa mtengo wogwira.

Ba Greenwell sindikuwada. Anataya mlongo wawo mmodzi yekhayo, ndipo munthu wolira amafuna woti amuloze chala. Matenda alibe nkhope yoti uiyang'ane mokwiya, mkamwini ali nayo. Inu munawasonyeza poloza, ndipo iwo analandira.

Nkhani tsopano ili m'kamwam'kamwa. Yafika pa msika wa ku Chongwe, yakwera minibasi, yandipeza kuno. Mayi wina amene ndinkayenera kumuikira mawindo watumiza uthenga kuti wapeza munthu wina. Eni nyumba anabwera ndi nkhope yamanyazi kudzafunsa ngati n'zoona kuti ndimaweta chinthu chimene chimafa m'mawa n'kuuka masana. Ndinawalowetsa, ndinawaonetsa Masokosi, ndinawaonetsanso pa foni mmene akangaude amafundulira. Anaseka mpaka kukhala pansi, n'kupempha kuti adzukulu awo adzaone. Munthu amene sitili naye pachibale anagogoda n'kufunsa, ndipo nkhani inatha tiyi asanawire.

Amayi akulira. Akuti ku gulu la amayi a pa mishoni ena asiya kukhala nawo pa benchi imodzi, ndipo amene ankabwera kudzawathandiza kutunga madzi masiku ano akudutsira patali. Pa ukalamba wawo mwawasandutsa mayi wa mfiti. Ndipo inuyo mwaiwala kuti mlongo wa mfiti naye sayera. Lero anthu akukuyamikirani kuti ndinu olimba mtima, munaulula m'bale wanu weniweni. Mwana wa wina akadzadwala malungo pafupi ndi nyumba yanu mudzaona kumene maso adzayang'ane.

Inu amene simujomba Misa, amene mumatsogolera kolona, mumakhulupirira chiyani kwenikweni? Ansembe amalalikira chaka ndi chaka kuti tisalozane zala za ufiti, ndipo amene amayankha ameni mokweza kuposa onse ndinu. Mukapeza khungu la njoka m'nkhokwe mumati njoka yafundula, mumalitaya ndi ndodo n'kupitiriza kutapa chimanga. Nkhanu ya mu mtsinje imafundula, mphemvu yomwe imafundula kuseri kwa kabati yanu. Koma poti izi zachitikira m'nyumba ya Fabian, amene anapita kutauni n'kugula sofa, ndiye kuti ndi ufiti. Ngati pali china chimene ndinakulakwirani, mukanachinena pamaso panga pamene munkadya chakudya changa.

Ndamva kuti Loweruka likubwerali akuchikazi akhala pansi, ndipo akufuna kumulembetsa Lushomo pa sukulu ya kumeneko kuti asadzabwerenso kuno. Ndamvanso kuti ena akuti aitane mneneri adzafufuze m'nyumba mwanga. Abwere. Adzapeza zidutswa za magalasi, mapoto, ndi diresi la ukwati la Chipego. Ine Loweruka ndidzafika ndi minibasi yoyamba, ndidzakhala pansi monga mkamwini, ndidzaomba m'manja. Koma ndikudziwa kale kuti mawu anga pamenepo adzakhala mphepo. Woimbidwa mlandu wotere akakana, amati ndi mmene mfiti zimakanira.

Mpaka Lamlungu lapitali ndinkaganiza kuti nkhondo yanga ndi yoti mwana abwerere kuno. M'mutu mwanga munali za ku polisi ndi za ku khoti, ndipo ndinali nditafunsa kale kumene maofesi ake ali pa boma. Koma Lamlungu masana foni inalira. Anali ba Purity, akazi a ba Greenwell, ataimba mobisa ali kuseri kwa khola la mbuzi. Musawaulule, mwawononga zokwanira. Anandiuza mofulumira kuti Lushomo sakudya bwino, sakusewera, ndipo wasiyanso kulankhula. Ana anzake amamuthawa pa chitsime. Amamuuza kuti poti ndiye ankadyetsa kangaude ndi dzanja lake, ndiye kuti atate ake anamuphunzitsa, ndipo zimene ankaponya m'bokosi zinali nyama ya amayi ake.

Kenako anamupatsa foni. Ndinamva kupuma kokha. Ndinamuitana dzina, ndinamuuza kuti Masokosi ali moyo ndipo wayamba kudya. Ndinayembekeza kuti afunsa ngati mizere yake yawala, kapena kuti ndibwera liti kudzamutenga. Sanafunse zimenezo. Anangoti, "Atate, ni zoona kuti ndine ninapaya amai?"

Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi akufunsa ngati anapha amayi ake. Ndinakana, ndinalumbira, ndinamuuza dzina la matenda, ndinamukumbutsa kuti kangaude anabwera amayi ake atapita kale. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, monga amachitira mwana waulemu. Kenako anati ba anti Clotilda anali m'chipatala, anaona zonse, ndipo iwo sananene kuti ndi bodza. Ba Purity anamva wina akubwera n'kudula foni.

Pempho langa ndi limodzi. Musadikire Loweruka. Mukamaliza kuwerenga, valani nsapato muwoloke dambo. Mukamutengere Lushomo pambali, mugwade kuti maso anu alingane ndi ake, mumuuze kuti amayi ake anafa ndi khansa, kuti chotupa munachiona ndi maso anu, kuti chimene munanyamula ndi khungu chabe, ndipo iye sanalakwe chilichonse. Ine ndamuuza ndipo sanandikhulupirire, chifukwa kwa iye tsopano ndine atate amene angakhale mfiti. Adzakhulupirira inu nokha. Mukatero mukabwereze mawu omwewo pamaso pa ba Greenwell ndi apongozi, mokweza, ana a pa chitsime aja amve. Khungulo mumupatse mwini wake, ndi lake.

Sindikupemphani kuti mundipepese, kupepesa kwanu ndilibe pokuika. Sindikupemphani kuti mukonde akangaude, kapena kuti mudzalowenso m'nyumba mwanga. Ngati akuchikazi atamva zoona adzanenabe kuti mwana akhale kumeneko, ndidzalira koma ndidzapirira. Ndizidzabwera kumapeto kwa mwezi ndi sopo ndi mabuku ngati mlendo, ndizidzakhala naye pa mpando pabwalo anthu akutiyang'ana. Kundilanda mwana ndingapirire. Koma akakula akukhulupirira kuti anadya amayi ake, inu mukudziwa zoona n'kukhala chete, chimenecho sindidzakukhululukirani, ngakhale pa tsiku la maliro anu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti Loweruka ndidzagona kwa iwo ndipo asavutike kupha nkhuku. Moni kwa alamu anga, amuna anu, amene ndikudziwa kuti nkhaniyi ikuwachititsa manyazi ngakhale sanena. Moni kwa ana anu onse, ndipo muwauze kuti malume awo sauluka, amakwera minibasi ngati wina aliyense. Moni kwa amalume ndi azakhali kumtunda. Moni kwa apongozi anga ndi kwa ba Greenwell, ngati angaulandire.

Lushomo yekha musamupatse moni wanga. Sindifuna kuti aumve kuchokera pakamwa pamene sipanamuuze zoona. Yambani mwamuuza, akakukhulupirirani ndiye muwonjezere kuti atate ake akubwera.

Ndine mlongo wanu, mufune musafune,

Fabian